Chilankhulo cha kompyuta chikasintha malamulo

Pulogalamu iliyonse ya pakompyuta imalembedwa m'chilankhulo chokhala ndi malamulo ake, monga Java kapena Python. Eni zilankhulozi akafuna kukonza lamulo lolakwika, amayamba adzifunsa ngati mapulogalamu olembedwa kale adzagwirabe ntchito monga mwa masiku onse.

Nkhaniyi imafika mpaka pa boma la Nkhata Bay. Ofesi ya zaumoyo kumeneko, ngati maofesi a m'maboma ena m'Malawi muno, imatumiza ziwerengero za odwala kudzera mu DHIS2, pulogalamu yolembedwa mu Java. Chilankhulo cha Java, chomwe chinatuluka mu 1995, chimadziwika ndi kusunga zakale. Lamulo losafunikanso amayamba achenjeza anthu za ilo kwa zaka asanalichotse, ndipo malamulo ena sawachotsa n'komwe. Zotsatira zake, chilankhulocho chimasenza katundu wakale wambiri, koma ntchito za anthu siziima.

Python inatenga njira ina. Mu Disembala 2008, Guido van Rossum ndi anzake anatulutsa Python 3, yosagwirizana dala ndi Python 2. Zifukwa zinalipo. Python 2 inkavutika ndi zilembo zosapezeka m'Chingelezi, monga ŵ wolembedwa m'mawu ambiri a Chitonga ndi Chichewa, moti dzina la munthu linkatha kutuluka lophwanyika wolemba pulogalamu akapanda kusamala. Python 3 inathetsa vutoli.

Koma kusintha kumasiyana kuopsa kwake. Lamulo la print, loonetsera mawu pakompyuta, litasintha, pulogalamu yakale inkangokana kuyenda, mwini wake n'kuona msanga pofunika kukonza. Za kugawa manambala zinali zina. Mu Python 2, kugawa 7 ndi 2 kunkapereka 3, pamene mu Python 3 kumapereka 3.5. Apa pulogalamu siidandaula. Imayenda bwinobwino, koma yankho lasintha. Pulogalamu yogawira asodzi ndalama za usipa, kapena yowerengera mabotolo a mankhwala, ingathe kulakwitsa miyezi ingapo wina asanazindikire. Kusintha kwa mwakachetechete kotereku ndiko kuyenera kupimidwa kwambiri. N'chifukwa chake kagawidwe katsopanoka kanalengezedwa kale mu 2001, ndipo ofuna ankatha kukayesa mu Python 2 momwemo.

Ngakhale chenjezo linali lalitali chomwecho, anthu sanasamuke msanga. Kulembanso pulogalamu kumafuna katswiri ndi ndalama, ndipo kumalo ngati Nkhata Bay pulogalamu yoyenda bwino saigwiragwira. Makampani akuluakulu akunja nawo anazengereza. Python 2 inayenera kusiyidwa mu 2015, koma eni ake anawonjezera zaka zisanu, ndipo anasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020.