Dedza ikukula, nanga mapoloti a anthu wamba ali kuti?

Munthu wochokera kunyanja akamaliza kukwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, n'kutulukira pa Masasa ndi kulunjika kumpoto mumsewu wa M1, choyamba kumulonjera ndi mphepo yozizira. Chachiwiri ndi malata. Akamayandikira pa boma la Dedza amaona madenga atsopano akunyezimira m'minda momwe kale munkalimidwa chimanga ndi mbatata ya kachewere, ndipo nyumba zina zayamba kukwawira m'munsi mwa mapiri, pamalo amene makolo ankangodyetsapo mbuzi.

Kalembera wa m'chaka cha 2008 adapeza anthu pafupifupi 20,000 m'tauni ya Dedza. Pofika kalembera wa 2018 chiwerengerocho chidali chitapitirira 30,000. Ndiye kuti pa anthu awiri alionse amene adalipo, m'zaka khumi zokha padawonjezeka wachitatu, naye wofuna pogona, madzi, chimbudzi ndi njira yofikira pakhomo pake.

Zokoka anthu sizisowa. Tauniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, pamsewu waukulu wopita ku Blantyre. Pafupi pomwepo pali chipata cholowera ku Mozambique, chotulukira ku Angonia ndi ku Tete, ndipo pamene pamaima magalimoto akuluakulu a katundu sipalephera kumera malo odyera, ogona ndi ogulitsira zinthu. Pali msika wa kachewere, nyemba ndi masamba. Palinso amalonda a usipa ndi utaka ochokera ku Chipoka, ku Mtakataka ndi ku Monkey Bay, amene poyamba amabwera ndi kubwerera, kenaka amachita lendi kachipinda, mapeto ake n'kuitanitsa banja. Boma la Dedza lenilenilo limatsika mpaka kugombe la nyanja, kwa Kachindamoto, choncho wa kunyanja akakwera kumtunda sakhala mlendo kwenikweni.

Anthu otere ambiri sayembekezera kuti wina awamangira nyumba. M'dziko muno nyumba amamanga ndi mwini wake, pang'onopang'ono: chaka chino maziko, chaka chamawa khoma kufika pa linta, malata pambuyo pokolola kapena usodzi ukayenda bwino. Kwa mabanja amene chikhulupiriro chawo sichiwalola kutenga ngongole ya chiwongola dzanja, njira ndi yomweyi, mothandizana ndi chipereganyu kapena abale amene ali ku Joni. Chimene banja lotere limasowa poyambirira ndi malo: poloti yodziwika malire, yofikika ndi galimoto, yosakokoloka, imene mawa sipadzatulukira munthu wina ndi pepala lonena kuti ndi yake.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mapoloti oyezedwa ndi ochepa ndiponso okwera mtengo, kotero wofuna malo amatuluka kunja kwa tauni, kumene malo ali m'manja mwa mabanja ndi mafumu. Kumeneko amakumana ndi dobadoba, amaloza munda, amayeza ndi mapazi kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa chulu, ndalama ziperekedwa, kalata ilembedwa pa pepala la m'kope. Wogulitsayo amadula munda wake wonse m'zidutswa osasiya ngakhale mpata wa ngolo, chifukwa kwa iye msewu ndi malo otayika. Mnzake wa munda woyandikana achita chimodzimodzi. Pakatha zaka zisanu pamakhala mudzi wa nyumba mazana angapo wopanda msewu wolowera ambulansi, wopanda ngalande, wopanda bwalo la sukulu, malo a mzikiti kapena tchalitchi, ngakhale manda. Zikafika pamenepo, kubweretsa paipi ya madzi kapena mapolo a magetsi kumafuna kugwetsa mipanda ndi kulipira chipukuta misozi, ndipo mtengo wake umaposa kutalitali umene ukadalowa malowo akadali munda.

Ku Dedza vutoli lili ndi mano ena chifukwa cha mapiri. Tauniyi ili pamwamba kwambiri, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Malo athyathyathya ndi owerengeka ndipo amayamba kutha ndi omwewo. Otsika mtengo amakhala otsetsereka, ndiye kumene wosauka amathamangira. Amene adaona zimene namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, pamene matope ndi miyala zidakwirira nyumba pamodzi ndi eni ake, sangayang'ane nyumba zokwera phiri ndi mtima wofatsa. Anthu a ku Soche sadakwere phiri chifukwa chokonda mphepo. Adakwera chifukwa kumunsi kudalibe malo a thumba lawo. Tisaiwalenso kuti chivomerezi cha mu Malichi 1989, chimene chidagwetsa nyumba zambiri ku Salima, chidagwedezanso dera lino, ndipo khoma lomangidwa mwachinyengo pamalo otsetsereka ndilo limayamba kugwa.

Madzi nawo amatsata kutsetsereka komweko. Pamene paipi ya Central Region Water Board sidafike, anthu amakumba zitsime pakhomo, pamene woyandikana naye wa kumtunda wakumba chimbudzi. Owerenga a ku Mangochi ndi ku Salima safunika kuwakumbutsa za kolera ya 2022 mpaka 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Chodabwitsa n'chakuti njira yopewera zonsezi dziko lino lidaidziwa kale. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, silinkangomanga nyumba za lendi zokha. Linkayezanso malo aakulu, n'kudula mapoloti, kulambula misewu yafumbi, kuika mipopi ya onse, kenaka n'kupereka malowo kwa anthu pa mtengo wotsika kuti aliyense amange monga mwa mphamvu zake, ngakhale ndi zidina. Umu ndi mmene madera ngati Kawale ndi Area 25 ku Lilongwe adakhalira ndi mizere ya misewu imene ikuonekabe lero. Nyumba zoyamba m'maderawa zidali zonyozeka, koma popeza malire ndi misewu zidalipo kale, eni ake adazikonza m'kupita kwa zaka, magetsi ndi madzi n'kulowa mosavuta. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 maderawa adaperekedwa m'manja mwa makhonsolo, ndipo kuyambira pamenepo kuyeza mapoloti atsopano kudatsalira m'mbuyo kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu.

Pambuyo pake padabwera ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, imene boma lidayambitsa m'chaka cha 2014. Idathandiza ena, koma inkafikira munthu amene ali kale ndi malo. Mayi wogulitsa nsomba amene akuchita lendi ku Katsekaminga akadapatsidwa malata, akadakawakhoma pati? Chitsanzo choyenera kuchiyang'ana bwino ndi cha magulu a anthu osowa nyumba, ambiri mwa iwo amayi, amene mothandizidwa ndi bungwe la CCODE ankasonkha ndalama pang'onopang'ono, n'kukapempha malo ku khonsolo ngati gulu. Ku Area 49 mu Lilongwe ndi kwa Angelo Goveya ku Blantyre adapatsidwa malo ndipo adamanga nyumba zing'onozing'ono pa mapoloti aang'ono, pogwiritsa ntchito zidina. Chimene khonsolo idapereka ndi nthaka, nyumbazo anthu adamanga okha.

Malamulo a malo a m'chaka cha 2016 adatsegula khomo limene tauni ngati Dedza ingathe kulowera. Lamulo loona za mapulani lidati dziko lonse, osati mizinda yokha, liyenera kutsata mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo. Lamulo la malo a makolo lidakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu mwa iwo amayi, ndipo lidapereka mwayi woti banja lilembetse malo ake ndi kulandira chiphaso. Kunena kwina, khonsolo siyenera kudikira kuti igule kaye minda yonse yozungulira tauni. Ikhoza kukhala pansi ndi mafumu ndi eni minda, n'kugwirizana kuti asanadule munda uliwonse, zikhomo za misewu, ngalande ndi malo a onse zikhomedwe kaye. Mwini munda sataya kanthu, pakuti poloti ya m'mbali mwa msewu imagulidwa bwino kuposa yobisika kuseri kwa mipanda ya eni. Ntchitoyi imafuna woyeza malo, zikhomo ndi kumvana, zimene mtengo wake sungafanane ndi wa nyumba ngakhale khumi zomangidwa ndi boma.

Komabe wogwira ntchitoyi ndi wolemedwa kale. Dedza idali ndi khonsolo yakeyake ya tauni, koma idaphatikizidwa ku khonsolo ya boma lonse, imene imayang'anira anthu oposa 800,000 kuyambira kumalire ndi Lilongwe mpaka kunyanja. Ndiponso pa mndandanda wa matauni asanu ndi atatu amene boma lidasankha kuti likweze kukhala mizinda pansi pa masomphenya a Malawi 2063 pali Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Dedza palibe. Ndalama zazikulu za mapulani zikuyembekezeka kulowera kunyanja, pamene tauni ya kumapiriyi ikukula yokha popanda woiitanira.

Kwa banja limene lasonkha kandalama ndipo likufuna malo kumtunda kuno, pali zinthu zimene dobadoba sanena. Kwa Achewa ndi Ayao munda nthawi zambiri umakhala wa mbumba, wotsata kuchikazi. Mwamuna amene akukulozerani malire akhoza kukhala mkamwini chabe, kapena malume amene sadafunse alongo ake. Milandu yambiri ya malo imayambira pomwepa, ndipo imadzuka nyumba itafika kale pa denga. Nzeru ndi kuonana ndi mwinimbumba pamodzi ndi amayi a pabanjapo, kudutsa kwa nyakwawa ndi gulupu, ndi kukafunsa ku ofesi ya malo ya khonsolo ngati pamalopo sipadzadutsa msewu kapena ngati sipali m'malire a nkhalango yotetezedwa, pakuti phiri la Dedza ndi la Chongoni ndi nkhalango za boma. Ndi bwinonso kukawaona malowo m'dzinja, mvula ili pakati, kuti mudziwe kumene madzi amadzera.

Za zomangira, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 simenti ndi malata zidakwera mtengo, ndipo ambiri adaimitsa ntchito pa maziko. Njerwa zootcha zimadya nkhuni zochuluka, ndiye chifukwa chake malamulo a 2018 adaziletsa pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo mitengo ya m'mapiri a Dedza ndi yomwe imasunga akasupe amene tauniyi imamwa. Nyumba ya zidina yokhala pa maziko a miyala, yopakidwa bwino ndi yokhala ndi denga lotulukira kunja kuti mvula isamenye khoma, imakhala zaka zambiri. Miyala kuno njosasowa. Ndipo m'mwezi wa Juni, chifunga chikatsika m'phiri, khoma lochindikala la dothi limasunga kutentha kuposa la buloko ya simenti.