Tchuthi cha pa 1 Meyi chinachokera kuti?

Chaka chilichonse pa 1 Meyi sitibwera kusukulu chifukwa ndi tsiku la anthu apantchito. Ophunzira ambiri amangokondwa kuti apumako, koma tsikuli lili ndi mbiri yofunika kuti tonse tiidziwe.

M'zaka za m'ma 1800, ogwira ntchito m'mafakitale a ku America ankagwira maola 10 kapena kuposerapo patsiku, masiku 6 pasabata. Munthu akadandaula payekha ankangochotsedwa ntchito, popeza ofuna ntchito anali ambiri pageti. Apa anthu anaona kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo anayambitsa mabungwe oti aziwalankhulira kwa mabwana. Zokambirana zikakanika, ankanyanyala ntchito onse pamodzi kuti makina aime, abwana amve kuwawa m'thumba.

Pa 1 Meyi 1886, anthu zikwizikwi ananyanyala ntchito m'mizinda ya ku America pofuna kuti azigwira maola 8 okha. Ku Chicago, pa 3 Meyi apolisi anawombera onyanyala pafakitale ya McCormick. Mawa lake, pamsonkhano wa ku Haymarket, munthu wina anaponya bomba, ndipo pachipwirikiticho panafa apolisi 7 ndi anthu wamba angapo. Amuna 8 anawapeza olakwa ngakhale panalibe umboni woti mmodzi wa iwo ndiye anaponya bombalo. Anayi ananyongedwa mu 1887, ndipo mu 1893 bwanamkubwa John Peter Altgeld anamasula atatu ponena kuti mlandu sunayende mwachilungamo.

Mu 1889, msonkhano wa ku Paris unagwirizana kuti pa 1 Meyi apantchito a m'maiko osiyanasiyana azichita zionetsero. Mu 1919, pangano loyamba la bungwe la ILO linaika malire a maola 8 patsiku ndi 48 pasabata m'mafakitale.

Kwathu kuno, malamulo aakulu a dziko amalola munthu kulowa bungwe la apantchito, ndipo lamulo la zantchito la 2000 limaikanso malire a maola 48 pasabata.

Ophunzira, posachedwa mudzasaina makalata a ntchito. Muzidzayamba mwawerenga za maola, malipiro ndi tchuthi. Ife makolo amene tili ndi mlonda, wantchito wapakhomo kapena wogulitsa m'sitolo, tidzifunse: kodi amaweruka nthawi yanji, amapuma tsiku liti, nanga malipiro ake timampatsa pa nthawi yake?