Ntchito yotha ndi mavoti anayi: momwe mamanijala a mizinda ku America amagwirirana manja

M'mizinda yambiri ya ku United States, munthu amene amaonetsetsa kuti madzi akutuluka m'mipopi, zinyalala zatoledwa, misewu yakonzedwa ndiponso apolisi ndi ozimitsa moto alandira malipiro awo sasankhidwa ndi anthu pa chisankho. Amalembedwa ntchito ndi makhansala. Dzina la udindo wake ndi manijala wa mzinda, ndipo ngakhale mizinda ikuluikulu monga Phoenix, Dallas, San Antonio ndi San Jose imayendetsedwa mwa njira imeneyi. Ntchito yake ikufananako ndi ya mkulu woyendetsa khonsolo ya mzinda wa Blantyre kapena Mzuzu, koma ku America boma lalikulu siliikapo dzanja. Makhansala omwe anamulemba ndi omwenso angamuchotse, tsiku lililonse, osatchula ndi mlandu womwe. Pa khonsolo ya makhansala 7, anayi akangokweza manja pa msonkhano wa usiku, kukacha munthu uja ali pa ulova.

Apa ndi pomwe pali vuto. Khansala akhoza kubwera mu ofesi n'kupempha kuti mphwake apatsidwe ntchito ku nthambi ya zamadzi, kapena kuti kontrakiti ya msewu ipite kwa mnzake amene anamuthandiza ndalama pa kampeni. Manijala akudziwa kuti yankho loyenera ndi kukana. Akudziwanso kuti ali ndi ana pasukulu, ngongole ya nyumba, ndiponso kuti khansala yemweyo ali ndi voti pa mutu wake. Munthu wotere, akakhala yekha, kukana kumamulemera kwambiri. Mamanijala a ku America anazindikira zimenezi kalekale, ndipo bungwe lawo la International City/County Management Association, lomwe ambiri amangoti ICMA, lakhala zaka zoposa 100 likumanga zinthu zothandiza membala wake kukana popanda kugwa njala.

Udindowu unayambira ku Staunton, tauni ya m'chigawo cha Virginia, mu 1908. Nthawi imeneyo mizinda yambiri ya ku America inali m'manja mwa mabwana a ndale amene ankagawa ntchito za khonsolo kwa owatsatira, ndipo misonkho ya anthu inkangosowa pomwe yalowera. Khonsolo ya Staunton inalemba injiniya, Charles Ashburner, kuti ayang'anire ntchito zonse za tauniyo. Mu 1912 mzinda wa Sumter ku South Carolina unaika njirayi m'malamulo ake. Kenaka mu Malichi 1913 madzi osefukira anawononga mzinda wa Dayton ku Ohio n'kupha anthu ambiri. Anthu a ku Dayton ataona momwe utsogoleri wawo unalepherera pa ngoziyo anavomereza njira yatsopanoyi, ndipo injiniya wina, Henry Waite, anayamba ntchito ya umanijala kumayambiriro a 1914. Dayton unali mzinda waukulu woyamba kuchita zimenezi.

Mu Disembala chaka chomwecho, mamanijala 8 mwa 31 amene analipo m'dziko lonselo anakumana ku Springfield, ku Ohio komweko, kumene Ashburner anali atasamukira. Anamusankha kukhala mtsogoleri wawo woyamba. Panalibe sukulu yophunzitsa ntchitoyi. Ambiri mwa iwo ankadziwa kumanga milatho ndi ngalande, koma za kukonza bajeti, kukhala bwino ndi makhansala osagwirizana kapena kuyankha nzika yokwiya ankaphunzira akugwira ntchito. Anabwera kudzafunsana nzeru. Lero bungwelo lili ndi likulu ku Washington, D.C., lili ndi mamembala oposa 10,000, ena a m'mayiko akunja, ndipo dzina lomwe likudziwika nalo panopa linakhazikitsidwa mu 1991 pofuna kuphatikizamo oyendetsa maboma a zigawo zing'onozing'ono.

Msana wa bungweli ndi malamulo a khalidwe omwe mamembala anagwirizana mu 1924. Akhala akukonzedwa kangapo ndipo lero ali ndi mfundo 12. Zina ndi zoyembekezeka: osalandira mphatso zomwe zingaoneke ngati chiphuphu, osagwiritsa ntchito udindo podzilemeretsa, osakondera polemba anthu ntchito. Koma mfundo ya ndale ndi yolimba kuposa momwe ambiri angaganizire. Membala amene akugwira ntchito ku khonsolo saloledwa kuchitira kampeni munthu aliyense, kupereka ndalama kwa wopikisana nawo pa chisankho kapena kunena poyera yemwe akumufuna, kaya ndi chisankho cha khansala, cha phungu kapena cha pulezidenti. Iye mwini sangaime pa chisankho. Chomwe amatsala nacho ndi voti yake, ya mumtima.

Palinso mfundo ziwiri zoonetsa kuti olemba malamulowa ankaidziwa bwino ntchitoyi. Yoyamba imati wolandira udindo akhalepo zaka zosachepera ziwiri, asamathawire ku malipiro abwino atangofika, chifukwa mzinda umawononga ndalama ndi nthawi pofunafuna manijala. Yachiwiri imaletsa membala kufunsira ntchito pamalo pomwe mnzake adakalipo ndipo sanauzidwe kuti akuchotsedwa. Imeneyi imatseka njira ya makhansala amene angafune kunyengerera manijala wina mseri kuti agwetse amene akuwakanira zofuna zawo.

Malamulowa sangokhala papepala. Dandaulo likafika, komiti ya mamembala anzake imafufuza, woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata woyankha, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kudzudzulidwa mwachinsinsi, kudzudzulidwa poyera dzina lake n'kulengezedwa, kapena kuchotsedwa m'bungwe. Mphamvu yake ili ndi malire, chifukwa ICMA sipereka chiphaso cha ntchito monga zimakhalira ndi madokotala kapena maloya, ndipo khonsolo ikhoza kulemba munthu amene si membala. Komabe mamanijala ndi ochepa ndipo amadziwana. Dzina likada, makhonsolo ena amamva.

Kulanga kokha sikukadakwanira. Kuuza munthu kuti akane chinyengo koma osamukonzera pogwera n'kumupempha kuti asankhe pakati pa chilungamo ndi chakudya cha ana ake. Mbali yomwe ICMA inachita mwanzeru kwambiri ndi imeneyi, ndipo si kawirikawiri imakambidwa.

Nkhani ya penshoni ndi chitsanzo. Manijala amasamuka kangapo pa moyo wake wa ntchito, lero ku Kansas, pakapita zaka zingapo ku Oregon, ndipo thumba la penshoni la mzinda kapena chigawo limafuna kuti munthu akhalepo zaka zingapo asanakhale ndi gawo lake. Ambiri ankafika pa ukalamba atatumikira mizinda inayi kapena isanu koma opanda kanthu. Mu 1972 bungweli, mothandizidwa ndi ndalama za Ford Foundation, linakhazikitsa thumba la penshoni lomwe munthu amasamuka nalo kulikonse kumene wapita. Thumbalo linakula n'kuima palokha, likutumikira ogwira ntchito za boma ambirimbiri, ndipo kuyambira 2021 limatchedwa MissionSquare Retirement. ICMA inakonzanso chitsanzo cha kontrakiti chomwe membala amapita nacho pokambirana ndi khonsolo, momwe muli mfundo yoti wochotsedwa popanda mlandu alandirebe malipiro a miyezi ingapo. Khonsolo imakhalabe ndi ufulu womuchotsa. Kungoti iye sachita mantha ngati munthu amene mawa lake sagula chakudya.

Wochotsedwa satayidwa. Bungwe limamuika m'gulu lotchedwa Members in Transition, limamuchotsera ndalama ya umembala kwa nthawi ndithu ndi kumulola kupita ku msonkhano waukulu wapachaka osalipira polowera, kumene angakumane ndi anzake odziwa komwe kuli mpata wa ntchito. Pakati pa mamanijala kuchotsedwa ndi khonsolo yatsopano si chamanyazi, popeza ambiri odziwika bwino zinawachitikirapo.

Ndiye pali akuluakulu opuma pantchito. Kuyambira 1974 bungweli, mogwirizana ndi mabungwe a mamanijala a m'zigawo, lakhala likusankha mamanijala olemekezeka amene anapuma kuti aziyendera anzawo. Poyamba ankatchedwa Range Riders, lero ndi Senior Advisors. Salandira malipiro, amangobwezeredwa za ulendo. Kufunika kwawo kumaoneka munthu akaganizira kusungulumwa kwa udindowu. Manijala sangadandaule kwa ogwira ntchito ake za khansala amene akumuvutitsa, sangauze makhansala kuti watopa, ndipo m'tauni yaing'ono ngakhale ku tchalitchi kapena kumsika amakumana ndi anthu omwe ali ndi nkhani ku khonsolo. Mkulu wopuma uja alibe voti, safuna mpando wa munthu, ndipo zomwe wamva zimathera pomwepo. Amatha kuuza mnzake kuti nkhondo iyi ndi yofunika kumenya, iyi ndi yongoisiya, kapena kuti nthawi yoyamba kufunsira ntchito kwina yakwana.

Mbali ya maphunziro inakula pamene bungweli linali ku Chicago, pafupi ndi University of Chicago, motsogozedwa ndi Clarence Ridley kuyambira 1929 mpaka 1956. Nthawi imeneyo linayamba kutulutsa mabuku ophunzitsa kayendetsedwe ka chuma cha mzinda, apolisi, ozimitsa moto ndi mapulani a malo, omwe anthu ankaphunzira kudzera m'makalata. Mu 1934 linayamba kusindikiza Municipal Year Book, buku la ziwerengero lomwe linkathandiza manijala kuyerekeza mzinda wake ndi ina. Mnyamata wina amene ankathandiza Ridley kufufuza njira zoyezera ngati ntchito za khonsolo zikupindulitsadi anthu anali Herbert Simon, yemwe mu 1978 analandira mphoto ya Nobel pa zachuma.

Masiku ano membala aliyense amalimbikitsidwa kuphunzira maola 40 pachaka. Kuyambira 2002 pali ndondomeko yomwe manijala wodziwa ntchito amalowa mwa kufuna kwake kuti azilemba zilembo za ICMA-CM kumapeto kwa dzina lake. Wolowa amayesedwa kuti adziwe pomwe akuperewera, amalonjeza maola 40 aja, ndipo chaka chilichonse amalemba lipoti la zomwe waphunzira. Pakapita nthawi amayeneranso kumva momwe anthu omuzungulira, makhansala ndi ogwira ntchito ake, amauonera utsogoleri wake, chinthu chosakoma kwa bwana aliyense koma chothandiza.

Kulera achinyamata kuli ndi mbiri yakeyake. L. P. Cookingham anapita kukakhala manijala ku Kansas City mu 1940, mzindawo utangotuluka m'manja mwa bwana wa ndale Tom Pendergast amene anamangidwa pa mlandu wozemba msonkho. Pa zaka 19 zomwe anakhalako anakonza chuma cha mzindawo, komanso ankatenga achinyamata ochokera ku yunivesite n'kuwaika pafupi naye kuti aone ntchito ndi maso. Ambiri mwa iwo anakakhala mamanijala kwina, ndipo mphoto ya ICMA ya olera anzawo pantchito ili ndi dzina lake. Njira yomweyo ikupitirira kudzera mu ndondomeko yomwe inayamba mu 2004, yotumiza omaliza digiri ya masters kukagwira ntchito pansi pa manijala wodziwa, komanso uphungu waulere wa pa intaneti womwe unayambira ku California. Pomwe bungweli lachedwa kwambiri ndi pa amayi. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 amayi anali pafupifupi 13 pa mamanijala 100 alionse, ndipo patadutsa zaka pafupifupi 30 chiwerengerocho chinali chisanasunthe kwenikweni, zomwe zinachititsa ICMA kukhazikitsa komiti yapadera yofufuza chomwe chikutsekereza amayi.

Chiyeso chachikulu cha zonsezi chinabwera mu Julayi 2010. Nyuzipepala ya Los Angeles Times inaulula kuti ku Bell, mzinda wosauka wa anthu pafupifupi 35,000 pafupi ndi Los Angeles, manijala Robert Rizzo ankalandira madola pafupifupi 800,000 pachaka, kuwirikiza pafupifupi kawiri malipiro a pulezidenti wa dzikolo. Makhansala ambiri nawonso ankalandira ndalama zochuluka pa ntchito yosakhala ya tsiku lonse, pamene eni nyumba ankakhoma misonkho yokwera kwambiri. Kontrakiti, chida chomwe chinakonzedwa kuti chiteteze manijala woona mtima, apa chinasanduka njira yobera osauka. Rizzo anaweruzidwa mu 2014 kukhala m'ndende zaka 12.

Nkhaniyi inadetsa mbiri ya mamanijala onse, ndipo ICMA inatulutsa malangizo a kakhazikitsidwe ka malipiro: makhansala onse adziwe chilichonse chomwe chili m'kontrakiti, chivomerezedwe pa msonkhano wa poyera, ndipo malipirowo ayerekezedwe ndi a mizinda yofanana. Ku Bell komweko, anthu anachotsa makhansala aja pa chisankho cha mu Malichi 2011, koma khonsolo yatsopano inavutika kupeza munthu wolola kuyendetsa mzinda wopanda ndalama ndi wodzaza milandu. Ken Hampian, amene anali atapuma pa umanijala wa San Luis Obispo, anavomera kugwira ntchitoyo kwa mwezi umodzi osalandira malipiro. Pambuyo pake Arne Croce, yemwe anayendetsapo mzinda wa San Mateo, anatenga udindowo mpaka khonsolo inalemba manijala wokhazikika mu 2012.