Mphunzitsi ndi Nthano Zazitali: Zimene Mabuku a Kutali Adandionetsa za Nthondo

Chaka chilichonse, ophunzira atsopano akafika m'kalasi mwanga muno m'koleji, ndimawafunsa funso limodzi: kodi ndi buku liti la nthano yaitali limene mudaliwerenga kuyambira tsamba loyamba kufikira lotsiriza, popanda wina wokuopsezani ndi mayeso? Kawirikawiri m'chipinda mumangoti zii. Ena amatchula Nthondo, koma ndikafunsitsa ndimapeza kuti chimene adawerenga si bukulo ayi, koma timapepala ta mafunso ndi mayankho timene adaloweza pokonzekera mayeso a Fomu 4. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, pakuti anthu omwewa ndiwo amene posachedwapa adzaimirira pamaso pa ana ku Mvera, ku Mponela, ku Malomo kapena ku Chinthembwe, n'kumawauza kuti kuwerenga n'kokoma. Mwana sanamizika pa nkhani ya kukoma. Iye amayang'ana nkhope ya womupatsa chakudyayo kuti aone ngati mwiniwakeyo adalawako.

Ine ndidakulira m'mapiri a ku Dowa, ndipo mabuku anga oyamba ndidawapeza m'sutikesi yachitsulo ya bambo anga, amene adali mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale. M'menemo mudali mabuku a Chichewa, ena olembedwa kale pamene chinenerochi chinkatchedwa Chinyanja, mabuku a Chingerezi, ndiponso ena amene adayamba kulembedwa m'Chifalansa kapena m'Chisutu kenaka n'kumasuliridwa m'Chingerezi. Ndidawawerenga mosasankha, monga mmene mbuzi imadyera msipu. Chimene ndifuna kukufotokozerani pano ndi ichi: buku lakwathu ndidayamba kuliona bwino nditabwerera kuchokera ku mabuku a eni ake, ndipo luso limene mphunzitsi amalipeza pa ulendo woterewu ndilo limene amaligwiritsa ntchito m'kalasi.

Tiyambe ndi Nthondo. Mlembi wake, Samuel Josiah Nthara, adabadwa mu 1905 ndipo adali mphunzitsi m'sukulu za mishoni ya Adatchi, mishoni yomweyo imene idayambira ku Mvera mu 1889 ndi kudzakhazikitsa Kongwe mu 1894. Bukuli lidapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira, T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi nalipatsa dzina lakuti Man of Africa. Nthara yemweyu adalembanso Mbiri ya Achewa, ndiponso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi kufupi ndi Kongwe, imene idatuluka m'Chingerezi mu 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise. Choncho dziko la m'mabuku ake si lachilendo kwa ana a ku Dowa ndi ku Ntchisi. Ndi midzi ya agogo awo.

Komabe ndiulule kuti nditaliwerenga koyamba, Nthondo silidandigwire mtima. Ndidaliona ngati ulaliki wovala zovala za nthano: mwana abadwa, bambo wake amwalira, iye akula ali wakuba ndi wosamva, apita kutali kukafuna ntchito, abwerera, alowa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima. Ndidati mapeto ake ngodziwikiratu ngati njira ya kuchitsime. Maganizo amenewa adasintha nditawerenga Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe wa ku Nigeria, la mu 1958.

Achebe akusimba za Okonkwo, mwamuna wamphamvu wa mtundu wa Igbo, amene akukana chipembedzo ndi boma la Azungu kufikira adzimangirira. Nthondo agonja, Okonkwo akana. Kunena zoona, Achebe ali ndi luso loposa pa kumanga nkhani, ndipo imfa ya mnyamata Ikemefuna ndi chinthu chimene woŵerenga sachiiwala msanga. Koma taonani chimene ndidatulukira. Okonkwo atapha munthu mwangozi, apirikitsidwa kwa zaka 7, napita ku Mbanta, mudzi wa amayi ake, kumene alandiridwa ndi malume ake Uchendu. Kwa iye chimenechi ndi chilango chowawa, chifukwa kwa Aigbo mwana ndi wa kuchimuna. Tsiku lina nditasimbira ana a Sitandade 7 gawo limeneli, mtsikana wina adakweza dzanja nafunsa kuti, "Nanga chilango chake chili pati, popeza wapita kwawo?" Mwanayo sadalakwe. Kwa Mchewa, kwa amayi ndiko kumudzi, ndipo atsibweni ndiwo nkhoswe ya mbumba. Funso lakelo lidandibwezera ku Nthondo, ndipo ndidaona kuti Nthara adalemba mosamala moyo wa banja lotsata kuchikazi, ndi miyambo ya pa kubadwa, pa maliro ndi pa milandu, popanda kuima kuti apepese kapena kufotokozera mlendo. Adachita zimenezi zaka 25 Achebe asanasindikize buku lake. Mphamvu ya Nthondo ili m'mitu yoyambirira ndi yapakati, mmene mnyamatayo akuvutitsa mudzi. Kutembenuka mtima kwa kumapetoko kumadza mofulumira, ndipo mpaka lero ndimaona kuti pamenepo mlembi adathamanga. Nzeru yakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa idapherezera pa ine: adali Achebe amene adandinolera maso.

Buku limene ndifuna kuti aliyense wa inu aliwerenge asanatuluke m'koleji ndi The River Between la Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya, la mu 1965. Nkhani yake ichitikira pa zitunda ziwiri zoyang'anana, Kameno ndi Makuyu, ndipo pakati pake payenda mtsinje wa Honia. Ku Makuyu kuli Joshua, mlaliki wouma mtima, ndipo ku Kameno kuli osunga mwambo wa makolo. Mpangankhani wamkulu, Waiyaki, ndi mphunzitsi ngati inu. Bambo wake Chege adamtumiza ku mishoni ya Siriana kuti akatenge nzeru za Mzungu popanda kutaya mtundu wake, ndipo iye atabwerako adatsegula sukulu, nakhulupirira kuti maphunziro okha adzagwirizanitsa zitunda ziwirizo. Adalephera. Anthu ake omwe adamuweruza.

Munthu wokulira kuno sangawerenge bukuli osaona mapiri athu. Ndani mwa ife sadziwa mudzi umene mbali ina kumalira belu la tchalitchi, mbali ina kumalira ng'oma ya gule wamkulu? Mkangano wa mishoni ndi dambwe ndi wakale m'dera lino, ndipo mphunzitsi watsopano amaupeza ukumudikira m'kalasi, ngakhale palibe amene amautchula. Anyamata ena amasowa kwa masabata, ndipo akabwerako amakhala atasintha kayankhulidwe. Kholo lina limafuna kuti mphunzitsi adzudzule zimenezi poyera, lina limafuna kuti atseke pakamwa. Cholakwa cha Waiyaki sichidali kukonda sukulu ayi. Chidali kuganiza kuti popeza iye akuona ubwino wa sukulu, ndiye kuti sakufunika kukhala pansi ndi akuluakulu kuti amve chimene chikuwapweteka. Mabuku athu ophunzitsira za ubale wa sukulu ndi mudzi amanena zomwezi m'mizere yowerengeka, ndipo ophunzira amaloweza n'kuiwala. Koma amene adayenda ndi Waiyaki kufikira tsiku la mlandu wake sadzapita kwa a mfumu ndi mtima wodzikuza. Bukuli ndi lanu aphunzitsi, si la ana a pulaimale, pakuti nkhani ya mdulidwe wa atsikana ndi imfa ya Muthoni imafuna msinkhu. Ndiwonjezepo kuti Ngugi yemweyu pambuyo pake adaleka kulemba nthano zake m'Chingerezi, ndipo buku lake loyamba la nthano yaitali m'Chikikuyu lidatuluka mu 1980. Njira imeneyo Nthara adali ataiponda kale mu 1933.

Za mabuku ochokera m'Chifalansa sindichulutsa mawu. The African Child la Camara Laye wa ku Guinea, la mu 1953, ndi lokoma m'khutu, ndipo gawo la kanjoka kakuda kamene kamabwera kudzacheza ndi bambo wake wosula limawerengeka bwino kwa ana. Koma kwa ine ndi lozuna mopitirira, ngati tiyi wothira shuga wambiri, chifukwa m'menemo utsamunda ukuoneka ngati sudapweteke munthu. Ndimakonda Houseboy la Ferdinand Oyono wa ku Cameroon, la mu 1956, m'mene Toundi, mnyamata wantchito m'nyumba ya bwanamkubwa wa boma, akulemba m'kope zimene akuona tsiku ndi tsiku. Limaseketsa poyamba, kenaka kusekako kumauma pakhosi. Kalembedwe kameneka mungakabwereke: auzeni ana alembe zochitika za masiku atatu ngati kuti iwo ndi Nthondo, ndipo mudzadziwa amene adamvetsa nkhani.

Chaka, buku la Thomas Mofolo wa ku Lesotho, lidalembedwa m'Chisutu ndi kusindikizidwa mu 1925. Si mbiri yeniyeni. Sing'anga Isanusi ndi mkazi Noliwa, amene Chaka akumupha pofuna ufumu waukulu, ndi anthu a m'nthano. Komabe mwana wa Chingoni wa kwa Chiwere, amene amamva kuti makolo ake adachoka kumwera pothawa nkhondo za masiku amenewo ndi kuoloka Zambezi mu 1835, amatchera khutu mwapadera. Apa mphunzitsi ali ndi mwayi wophunzitsa kusiyana kwa nthano ndi mbiri, chinthu chimene ngakhale akulu ambiri amachisokoneza.

Powerenga mabuku omasuliridwa kumbukirani kuti pakati pa inu ndi mlembi paima munthu wachitatu. Chitsanzo chili pafupi. Nthara adatcha buku lake ndi dzina la munthu mmodzi, Nthondo, wa mudzi wake ndi makhalidwe akeake. Womasulira adalitcha Man of Africa, ndipo pomwepo mnyamata wakuba uja adasanduka chitsanzo cha Aafirika onse pamaso pa owerenga a ku Ulaya. Womasulirayo adali ndi cholinga chabwino, koma dzinalo lidasintha katundu. Inunso mukamamasulirira ana ndime ya Chingerezi mumakhala munthu wachitatu ameneyu, ndipo mawu amene mwasankha ndiwo amene anawo adzapita nawo kwawo.

Tsono tifike ku mabuku amene aphunzitsi ambiri amawanyoza: nthano za apolisi ndi mbava, ndi nthano za chikondi. M'sutikesi ya bambo anga mudalinso a James Hadley Chase angapo, ndi timabuku ta Pacesetters timene kampani ya Macmillan idayamba kusindikiza mu 1977. Ndili ku sekondale, mphunzitsi wina adandipeza ndi limodzi la iwo pansi pa desiki, nalilanda, naling'amba pamaso pa kalasi, ndipo ndidatsala ndi masamba 20 okha kuti ndidziwe wopha munthu. Sindinena kuti ndidachita bwino kuwerenga nthawi ya masamu. Koma mphunzitsiyo adaona mwano pokha, osaona kuti pamaso pake padali mwana amene adatha masamba oposa 100 a Chingerezi popanda womukakamiza. Mabukuwa ambiri ndi osazama, anthu ake ndi opyapyala ngati pepala, ndipo ena ali ndi zinthu zosayenera ana. Koma alembi ake amadziwa chinthu chimodzi chimene ife aphunzitsi timachisowa, ndicho kuchititsa munthu kufuna kudziwa chotsatira. Mukapeza mwana ali ndi buku lotere, lisungeni mpaka poweruka, liwerengeni nokha usiku umenewo, ndipo ngati ndi losayenera msinkhu wake, mubwezereni kholo lake, mwanayo n'kumupatsa lina. Musamusiye chimanjamanja. Kwa amene akufuna nkhani zothamanga m'Chichewa, mabuku a Willie Zingani monga Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, kapena Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba, amagwira ntchitoyi bwino, ndipo Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe limakomera ana aang'ono chifukwa lili pafupi ndi nthano za pamoto.

Mudzati: zonsezi n'zabwino, koma kusukulu kumene ndikupita kulibe laibulale. Ndikudziwa. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, makalasi ambiri a kumidzi ndi odzaza, ndipo mabuku sakwanira. Koma buku limodzi lokha limakwanira kalasi yonse ngati lili m'manja mwa mphunzitsi wodziwa kuwerenga mokweza. Patulani mphindi 15, kawiri kapena katatu pa sabata. Werengeranitu gawolo kunyumba, ndipo ikani chizindikiro ndi pensulo pamene mudzalekezere. Malo olekezera asakhale pamene mutu wathera, koma pamene zinthu zafika pothina, wakuba ali m'khola ndipo galu wayamba kuuwa. Sinthani mawu potsata woyankhula, koma musasanduke wazisudzo. Ngati buku ndi la Chingerezi, musaime pa liwu lililonse lachilendo, chifukwa nkhani yoduladula imafa. Sankhani mawu atatu kapena anayi, muwalembe pa bolodi musanayambe, otsalawo anawo adzawatola m'kati mwa nkhani.

Pa mafunso ndipo pamene ambiri timaphonya. Funso lakuti mlembi wa bukuli ndani, kapena bambo wa uje adali yani, limayesa chikumbumtima cha mwana pa kuloweza chabe. Funsani kuti: mukadakhala atsibweni a Nthondo mukadachita naye chiyani? Kodi Uchendu adalankhula ngati malume a kwathu kuno? Mafunso otere alibe yankho limodzi, ndipo mphunzitsi amene sadawerenge bukulo amawaopa, chifukwa sadziwa kumene ana angamufikitse. Mtsikana uja wa Sitandade 7 sindidamuyankhe tsiku lomwelo. Ndidauza kalasi yonse kuti ikafunse kunyumba kuti mwana wolakwa amathawira kwa yani, ndipo m'mawa mwake ana a Chichewa ndi ana a Chingoni adabwera ndi mayankho osiyana, nakangana mpaka belu la nthawi yopuma lidalira.