Rolex ya ku Joni: kachilema n'kamene kamaulula

Kukayandikira Idi kapena Khrisimasi, anyamata ochokera ku Joni amatsika pa Mangochi boma ndi mabulangete, masipika ndi mafoni, kumkono kukunyezimira wotchi yolembedwa Rolex, Hublot kapena G-Shock. Tisanamizane, zambiri mwa izo n'zokopera. Ku Johannesburg zimapezeka mbwee m'mashopu a mu Small Street, komwe apolisi amachita zipikisheni pafupipafupi n'kulanda katundu wa feki.

Ogula ambiri amadziwa zimenezi. Akamakangana, nkhani imakhala yoti feki yakeyo yafika pati, ndipo zilema zake zikuoneka motani.

Chilema choyamba chili pa muvi wa masekondi. Rolex yeniyeni ya masiku ano siyendera batire, muvi wake umagunda pafupifupi ka 8 pa sekondi, moti umaoneka ngati ukungoyenda myaa. Yotchipa imadumpha kamodzikamodzi, thi thi thi. Kagalasi ka pamwamba pa deti kamayenera kukulitsa nambala kawiri ndi theka. Pa feki nambala imangokhala kachinthu kakang'ono. Timawotchi ting'onoting'ono ta mkati nthawi zina timangokhala zokongoletsa, ngakhale udine batani sitisuntha. Ndiye pali golide uja. Ndi thukuta la kuno mu Okutobala, amasupuka msanga, mkono n'kutsala wobiriwira.

Kwa mnyamata amene akungofuna kuchena pa ukwati kapena kujambula ka TikTok, zonsezi si nkhani. Kamera ya foni siiona muvi ukudumpha, ndipo iye anaguladi maonekedwe. Ine sindimuona cholakwa, bola ndalama imene wapereka ikhale ya feki.

Kwa msodzi wa ku Makawa, Malembo kapena Chembe, amene amachezera pa nyanja kusaka usipa, chilema chachikulu n'china. G-Shock yeniyeni imapangidwa kuti ipirire madzi mpaka mamita 200. Yokopera imalembedwanso chimodzimodzi kumbuyo, koma ikangonyowa, galasi limachita nkhungu mkati, manambala n'kuzimiririka. Ngakhale kawotchi wamba ka Casio F-91W, komwe kanatuluka mu 1989, kali ndi mafeki ake. Kenikeni ukadina batani la kumanja kwa masekondi atatu kamalemba dzina loti CASIO. Okopera ena anaitulukira njira imeneyi, ndiye osaidalira yokha.

Chodabwitsa n'choti kwa osonkhanitsa mawotchi ku Geneva kapena New York, chilema chimatha kukweza mtengo. Ma Rolex ena akale anali ndi penti yolakwika, nkhope yakuda inasanduka yofiirira ndi dzuwa. Amaitcha tropical dial, ndipo olemera amailimbirana kuposa yosasuluka. Okopera nawo sanagone: ayamba kusulutsa dala nkhope za mawotchi awo kuti azioneka okalamba. Dzuwa lomwelo likasulutsa wotchi ya pa M'baluku, palibe angakuwonjezere ngakhale kobiri. Kusiyana kwake n'koti chilema cha orijino chimachitira umboni zaka zake, pomwe cha feki chimaulula fakitale imene inathamangira phindu.

Pamene zimafika poipa ndi pomwe wotchi yasintha manja. Wina wabwera nayo ku Joni akudziwa bwino kuti ndi feki, ndalama zamuthera, akuigulitsa kwa mnzake wa ku Namwera kapena Makanjira akulumbira kuti bwana wake mzungu anam'patsa. Wina akuiika pinyolo n'kutenga ngongole yoposa mtengo wake kangapo. Wogulitsa m'shopu akakunamizani, mutha kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, koma malonda a pansi pa mtengo alibe lisiti.

Rolex yatsopano, ngakhale yotsika mtengo kwambiri, imadya madola masauzande angapo. Munthu akakuuzani kuti yake muitenge pa mtengo wa foni ya Itel, m'pempheni aivule kaye, muyang'anitsitse muvi uja kwa masekondi khumi.