Kodi Mumadziwa? Kagawidwe ka Zofunkha, pa Foni ndi pa Doko

Kodi mumadziwa kuti mkangano umene umabuka m'mawa pa madoko a Nkhotakota, usipa ukangothiridwa m'zigoba, ndi womwewonso umene umapasula magulu a anthu osewera magemu pa intaneti ku Seoul ndi ku London? Funso lake n'limodzi: ntchito tagwira tonse, nanga wotenga chakuti ndani? Osewera amatcha katundu wopezeka m'gemu kuti loot. Ife liwu lake tili nalo kale, ndipo owerenga Buku Lopatulika amalidziwa: zofunkha.

Kodi mumadziwa kuti m'magemu ena chilombo chimodzi chimalira anthu 40 kuti chigwe? Mu World of Warcraft, gemu imene kampani ya Blizzard idatulutsa mu Novembala 2004, anthu 40, aliyense ali kwawo pa kompyuta yake, ankapangana ola n'kulowa m'phanga lotchedwa Molten Core. Ena omenya, ena ochiza anzawo, ena oima kutsogolo kuti ukali wa chilombocho uthere pa iwo. Chilombo chikagwa chinkasiya zida ziwiri kapena zitatu basi, ndipo mwayi wochiphanso unali wa sabata yamawa. Ambiri mwa anthu 40 aja ankakagona chimanjamanja. Amene adachezerapo pa nyanja usiku wonse n'kubwerako ndi kandiwo kokha akudziwa mmene mtima umawawira.

Nanga mumadziwa kuti osewera adachita kupanga okha kaundula wa thukuta? Mu 1999, chaka chimene gemu ya EverQuest idatuluka, gulu lina la osewera lotchedwa Afterlife lidatopa ndi kukangana pa katundu wa zinjoka ziwiri, Lady Vox ndi Lord Nagafen. Lidagwirizana kuti aliyense wobwera ku nkhondo azilandira mapointi, ndipo wofuna chida azigula ndi mapointiwo. Njirayi adaitcha DKP, ndipo idafalikira m'magemu ambiri. Wobwera masiku onse ankapambana wongotulukira pa tsiku la phwando. Chimene ndimachikonda pa njira imeneyi n'chakuti mapointi a munthu aliyense ankalembedwa poyera. Wina akadandaula, anzake ankangoti tiyeni tione m'kaundula.

Tsopano tiyeni kunyanja.

Kodi mumadziwa kuti mlovi wa chilimira salandira malipiro a pamwezi? Amalandira gawo. Chilimira ndi khoka la pakati pa nyanja limene lidafalikira kuchokera ku chilumba cha Likoma, ndipo limalira anthu pafupifupi 9 kapena 10. Liwu loti alovi nalonso lidatsika ndi nyanja kuchokera kumpoto, kumene Atonga ndi Atumbuka amatcha msodzi kuti mlovi. M'madoko ambiri dongosolo lake limayenda motere: nsomba zikagulitsidwa, amayamba achotsa za mafuta a injini, mabatire a magetsi ndi chakudya. Zotsala amazidula pawiri, theka la mwini zida, theka la alovi onse pamodzi. Kagawidwe kamasiyanako doko ndi doko, bwana ndi bwana, koma msana wake ndi umenewu. Pambali pa ndalama pali nsomba ya ndiwo, imene mlovi amapita nayo kunyumba ngakhale tsikulo zitavuta. Bwana woumira pa ndiwo sachedwa kutsala yekha ndi khoka lake.

Kodi mumadziwa kuti m'gulu limeneli muli munthu mmodzi amene gawo lake limaposa la anzake, ndipo palibe woipidwa nazo? Ameneyu ndi siginala. Amakhala yekha m'bwato laling'ono lokhala ndi nyali, kale za palafini, lero mababu a batire. Ndiye amadziwa pamene pali usipa, amaukopa ndi kuwala, amaulondolera pang'onopang'ono kukamwa kwa khoka, n'kulamula nthawi yokoka. Akafulumira usipa umabalalika, akachedwa umamira. Usodzi wa nyali umenewu amautcha kauni, ndipo mwezi ukawala kwambiri umafooka chifukwa nyali sizikopanso nsomba. Siginala waluso eni zida amachita kumulimbirana, ena mpaka kumupatsiratu ndalama kuti asapite kwa wina. Osewera magemu ali nawo asiginala awo. Pali magulu amene amasankha akuluakulu ochepa kuti azigamula wolandira chida, ndipo kawirikawiri chida chabwino choyamba amapatsa woima kutsogolo uja, poti iyeyo akagwa onse agwa. Njira imeneyi amaitcha loot council. Imayenda bwino akuluakuluwo akakhala achilungamo. Akayamba kukondera abale awo, gulu limatha sabata yomweyo.

Tiyerekeze kuti usiku wina mwapha zigoba 100. Mafuta ndi mabatire adya zigoba 20. Zatsala 80: bwana 40, alovi 40. Siginala atenge 8, anzake asanu ndi atatu atenge 4 aliyense. Zatha bwino. Koma tiyerekezenso kuti wogula mafuta wanena kuti adya zigoba 30, pamene zoona zake ndi 20. Alovi atsala ndi 35, aliyense wataya theka la chigoba, siginala wataya chathunthu, ndipo palibe amene waona dzanja likulowa m'thumba mwake. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mkangano wa padoko kawirikawiri sukhala pa theka ndi theka. Umakhala pa zochotsedwa, zimene mmodzi yekha ndiye amadziwa mtengo wake. Onjezani apo masiku a mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene maboti amabwerera opanda kanthu koma mafuta atapsa, ngongole yake n'kudikira tsiku la mwayi. Mlovi akhoza kupha nsomba zambiri Lachinayi n'kuuzidwa kuti zonse zalipira Lolemba ndi Lachiwiri. Mwina n'zoona. Koma adaziona zitalembedwa pati?

Kodi mumadziwa kuti kale njovu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu mwini dziko? Mlenje ankatenga wam'mwamba. David Livingstone adaupeza mwambo umenewu m'madera a mtsinje wa Zambezi. Minyanga yambiri ya kumtunda inkathera pa gombe lino la Nkhotakota, pamene Jumbe Salim bin Abdallah wa ku Zanzibar adakhazikika cha m'ma 1840. Ndipo tisabise: pa gombe lomweli, zofunkha zina zinali anthu. Ankawaolotsa m'zombo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. Livingstone adafika kuno mu 1861 n'kuziona ndi maso. Liwu loti zofunkha, pa Nkhotakota pano, si lopepuka.

Kodi mumadziwa kuti mabuku opatulika a zipembedzo zonse ziwiri zazikulu za boma lino ali ndi malamulo a kagawidwe? Pa 1 Samueli 30, Davide adalondola Aamaleki amene adafunkha mudzi wa Zikilagi. Mwa anthu ake 600, okwana 200 adalema n'kutsala pa mtsinje wa Besori, akusunga akatundu. Pobwerera, ena mwa omenya nkhondo adafuna kuwamana, koma Davide adalamula kuti wotsala ndi katundu alandire mofanana ndi wopita kunkhondo. Mu Qur'an, sura yachisanu ndi chitatu dzina lake lenileni ndi Al-Anfal, kutanthauza zofunkha, ndipo imalamula kuti gawo limodzi mwa magawo asanu lipatulidwe, ana amasiye, osauka ndi apaulendo apezepo thandizo. Ndikamaona mayi amene wadzuka usiku kukoleza moto wofutsira usipa, kapena mnyamata wosoka khoka long'ambika masana onse dzuwa likuswa mtengo, ndimakumbuka anthu 200 a pa Besori aja.

Ngakhale achifwamba a panyanja zamchere ankalemberana. Gulu la Bartholomew Roberts, amene adaphedwa mu 1722 kufupi ndi gombe la dziko limene lero ndi Gabon, linali ndi malamulo olembedwa: kaputeni magawo awiri, munthu wamba limodzi, woduka mwendo kapena mkono pa ntchito alandire chipukuta misozi kuchokera m'thumba la onse. Nanga mlovi wathu akavulala, kapena boti likagubuduzika pa mwera, ana ake amalandira chiyani?

Kodi mumadziwa kuti maere nawonso ali m'magemu? Chida chikagwa, aliyense amasankha need ngati akuchisowadi, kapena greed ngati akungofuna kukagulitsa. Kompyuta imaponya nambala kuyambira 1 mpaka 100, ndipo osowa amayamba ndiwo. Njirayi imadalira chikumbumtima, chifukwa munthu akhoza kunama kuti akusowa. Wotero, komanso wokwatula katundu n'kuthawa, amamutcha ninja, ndipo dzina lake likamveka magulu ena amamukana. Padoko chilango chake n'chomwecho. Wobisa kampango pansi pa thabwa, kapena wogulitsa zigoba pakati pa nyanja anzake asanawerenge, mbiri yake imafika ku Dwangwa iye asanafike.

Kuba kwina kumachita kukonzedwa mwakachetechete. Mu 2005, m'gemu ya EVE Online ya kampani ya CCP ya ku Iceland, gulu lotchedwa Guiding Hand Social Club lidalowetsa anthu ake m'gulu la Ubiqua Seraph. Adakhalamo miyezi yambiri ngati abale, mpaka adapatsidwa makiyi a nkhokwe. Tsiku limodzi adasesa zonse. Eni gemu sadabweze kanthu, poti malamulo a gemuyo amalola chinyengo chotere.

Kodi mumadziwa kuti chipereganyu chili m'magemu? Pali njira ina yotchedwa Suicide Kings: mayina onse amaikidwa pa mndandanda, wapamwamba ndiye woyamba kusankha, ndipo akatenga chida dzina lake limatsikira pansi penipeni kuti adikirenso. Amayi ogulitsa nsomba zouma pa msika wa pa boma safunika kuwafotokozera kawiri. Mwezi uno walandira uyu, wamawa uyo, ndipo wolandira kale sasiya kusonkha.

Kodi mumadziwa kuti eni gemu adayesapo kuthetsa mikangano pochotseratu kugawana? Mu 2018 Blizzard idachotsa udindo wa wogawa katundu mu World of Warcraft, n'kusiya kuti kompyuta izipatsa munthu aliyense chake payekha. Kuba kudachepa, koma magulu ambiri adadandaula kuti alandidwa mphamvu yopatsa chida kwa amene gulu likumudalira. Mu 2022 maere a pagulu adabwereranso m'nkhondo zikuluzikulu. Ine ndikuona kuti anthu sankafuna katundu yekha. Ankafunanso kukhala pansi, kukambirana, n'kumva mnzawo akunena kuti tenga iwe, ine ndidikira. Paja kupatsa n'kuika.

Ndalama zikalowerera, zinthu zimasintha. Magulu ena adayamba kugulitsa zida pa okushoni, wa golide wambiri wa m'gemu n'kutenga zonse, golideyo n'kugawana pamapeto. Njirayi, yotchedwa GDKP, idakopa anthu ogula golide mozemba ndi ndalama zenizeni, ndipo mu 2024 Blizzard idailetsa m'gawo la World of Warcraft lotchedwa Season of Discovery. Kwathu kuno zofanana nazo zimachitika wogula wa ndalama zambiri akalipiriratu nsomba zikadali m'madzi. Mtengo umamangidwa usiku, alovi asanakoke n'komwe, ndipo mayi wa beseni limodzi amene wadikira pa mchenga kuyambira tambala woyamba amabwerera wopanda kanthu.

Kodi mumadziwa kuti m'magemu a pafoni amene achinyamata athu amakonda mulibe wogawa? Mu Free Fire ya mu 2017 ndi PUBG Mobile ya mu 2018, gulu limakhala la anthu anayi, ndipo wofika msanga ndiye watola. Mu PUBG, bokosi likatsika kuchokera m'ndege likufuka utsi wofiira, mumapezeka zida ngati mfuti ya AWM ndi chipewa cholimba koposa. Gulu lanzeru limapanganiratu: mfuti yowombera patali kwa wa diso lakuthwa, mankhwala kwa wovulala, zipolopolo kwa amene zamuthera. Gulu limene aliyense amathamangira bokosi limathera pomwepo, chifukwa utsi uja adani nawonso amauona. Mwana wa mlovi amene wagula bandulo ya TNM kapena Airtel kuti asewere ndi anzake madzulo akuphunzira phunziro la bambo ake, kungoti pa galasi la foni.

Pomaliza, kodi mumadziwa kuti madoko athu ali nawo kale mabwalo oyenera nkhani zotere? Makomiti a m'madoko, amene ambiri amangoti ma BVC, adayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993, ndipo lamulo la za usodzi la mu 1997 lidatsegula khomo loti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamala nsomba. Ku chilumba cha Mbenji, m'boma loyandikana nalo la Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka ndi kutsegula usodzi kuyambira m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Makomitiwa amalimbana kwambiri ndi maukonde a udzudzu ndi kusodza pa nyengo yoletsedwa, ndipo ntchito imeneyo ndi yofunika. Koma za gawo la mlovi zimasiyidwa kuti ndi za iye ndi bwana wake.

Inu a komiti, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, ikaniponi mtima pa nkhani imeneyi. Boti lililonse likhale ndi kope wamba la kusukulu. Malita a mafuta alembedwe boti lisanakankhidwire m'madzi, zigoba ziwerengedwe mokweza alovi onse ali pomwepo, ngongole ya masiku a mwera ikhale ndi deti lake, ndipo gawo la siginala, la wosoka khoka ndi la wovulala linenedwe dzuwa lisanalowe.