Cattleya akafota, musathamangire chidebe

Olima maluwa ku Honde Valley ndi ku Chipinge amafunsa kawirikawiri chomwe chimafotetsa Cattleya m'dera lamvula ngati limeneli, poti tiyi amene wazungulira nyumba zawo amakondwa. Funsoli linkandizunguza mutu nanenso.

Kwawo kwa duwali ndi ku Brazil, Colombia ndi maiko oyandikana nawo, komwe limamera pa nthambi za mitengo, mizu ili pamtetete. Mizuyo ili ngati siponji: imamwa msanga, koma imafuna kuuma. Mukaikwirira m'dothi lonyowa imaola, ndipo tsinde lake lotupa limachita makwinya chifukwa palibenso chokokera madzi. Mwini wake amaona ngati ndi ludzu, nathiranso, n'kulimaliziratu.

Ena anganene kuti m'nkhalango ya Chirinda maluwa ena a banja lomweli, omera pamitengo, amavumbwa kawirikawiri osafa. Zoona, koma pamtengo madzi amatsetsereka, mphepo n'kuumitsa mizu. Ndiye lizuleni duwa lodwalalo, dulani mizu yofewa ndi mpeni wowambidwa pamoto, mulibzale m'makungwa osakaniza ndi makala mumphika woboola. Lizilandira dzuwa lam'mawa lokha. Thirirani makungwa akauma, ndipo feteleza adikire mpaka mizu yatsopano yansonga zobiriwira itatuluka, ngakhale patapita miyezi.